Sheck Exley: Mphunzitsi wa Masamu Amene Ankatsika Yekha Kumene Mnzako Sangakupeze

Mwezi uno pa gawo lathu la mbiri za anthu takutengerani munthu amene ambiri a inu simunamumvepo. Sanali woimba kapena wampira. Anali mphunzitsi wa masamu pa sekondale ina ku Florida, m'dziko la America. Koma mukafunsa aliyense amene amasambira m'mapanga odzaza madzi, kaya ku Mexico kaya ku South Africa, dzina la Sheck Exley amalidziwa, ndipo ambiri a iwo ali moyo lero chifukwa cha malamulo amene iye analemba. Mwini malamulowo anafera pansi pa madzi mu 1994, ali yekhayekha, pamalo pamene panalibe woti n'kumugwira dzanja. Werengani mpaka kumapeto, chifukwa nkhaniyi ikukhudzanso inu amene mumangosambira kudamu, kumtsinje kapena kunyanja pa holide.

TIYAMBE TAMVANA: SCUBA N'CHIYANI?

Scuba ndi kusambira pansi pa madzi utabereka silinda ya mpweya kumsana. Mpweyawo umadzera m'kapaipi n'kufika pa chopumira chimene umaluma pakamwa. Kumaso umavala galasi, kumapazi zipsepse zapulasitiki, ndipo pali geji imene imakuuza kuti mpweya watsala wochuluka bwanji. Tsiku loyamba la maphunziro amakuuziratu kuti m'madzi mumalowa awiriawiri. Mnzako ndiye amaona kuti paipi yako ikutaya mpweya kumsana kumene iwe sungaone. Ndiye amakumasula ukakodwa mu ukonde, ndipo mpweya wako ukatha amakupatsako wake. Paja akuluakulu anati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu.

Ndiye pali ena amene amalowa ndi zida zomwezi m'mapanga a pansi pa madzi. Kumeneko zinthu zimasintha. Panyanja ukaona vuto umakwera n'kukapuma pamwamba. M'phanga pamwamba pako pali thanthwe. Njira yotulukira ndi yomwe unalowera ija basi, ndipo ngati unalowa kwa mphindi 40, kutuluka n'kwa mphindi 40 zinanso, kaya mpweya ulipo kaya watha. Kulibe dzuwa, ndipo ukangovundula matope ndi phazi, ngakhale tochi siithandiza. Kumeneku n'kumene Exley anatherako moyo wake wonse.

MNYAMATA WA KU JACKSONVILLE

Sheck Exley anabadwa pa 1 April 1949 ndipo anakulira mumzinda wa Jacksonville ku Florida. Kumpoto kwa Florida nthaka yake ndi ya miyala ya laimu imene madzi akhala akuiboola kwa zaka zosawerengeka, moti pansi pake pali mapanga ataliatali odzaza madzi oyera mbee, amene amatulukira pa akasupe akuluakulu. Exley anayamba scuba mu 1965 ali ndi zaka 16, msinkhu wa ambiri a inu, ndipo chaka chomwecho analowa m'phanga lake loyamba. Nthawi imeneyo kunalibe sukulu yeniyeni yophunzitsa za m'mapanga. Anyamata ankangolowa ndi tochi imodzi ndi kulimba mtima, ena osatulukanso.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 banja lawo linaona tsoka. Mchimwene wake Edward anamira pa kasupe wa Wakulla Springs. Sanali ndi silinda, ankangotsika atagwira mpweya m'chifuwa, monga momwe mumachitira mukamapikisana kuti tione akhalitse pansi ndani. Anakomoka ali m'madzi ndipo sanatsitsimukenso. Sheck anali pomwepo. Wina akanathawa madzi mpaka kalekale, koma iye anayamba kufunsa funso limene analifunsa moyo wake wonse: kodi munthu wodziwa kusambira amafa bwanji, ndipo n'chiyani chikanamupulumutsa?

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 anaonanso zina ku chilumba cha Andros ku Bahamas. Anthu awiri ankafuna kuswa rekodi yotsika kwambiri akupuma mpweya wamba, ndipo Exley anali m'gulu lowadikirira chapakati kuti awathandize pobwerera. Awiriwo sanabwerere. Exley anawatsatira mpaka mamita pafupifupi 140, mutu ukuzungulira, koma analephera kuwafikira ndipo iyenso anapulumukira mkamwa mwa mbuzi. Taonani apa: anthuwo anatsika awiri, koma onse anasokonezeka mutu nthawi imodzi, ndiye panalibe wothandiza mnzake. Kukhala awiri kumathandiza pokhapokha ngati mmodzi akadali ndi nzeru komanso mpweya woti agawe.

KABUKU KAKANG'ONO KAMENE KANAPULUMUTSA ANTHU

Pofika zaka 23, Exley anali atalowa m'mapanga maulendo 1,000, munthu woyamba padziko lonse kufika pamenepo. M'zaka 29 maulendowo anapitirira 4,000. Koma m'zaka za m'ma 1970 anthu ankafa kwambiri m'mapanga a ku Florida, moti eni malo ena anayamba kutseka akasupe awo. Nthawi zambiri Exley ndi anzake ndi amene ankaitanidwa kuti akatulutse mitembo. Si ntchito yoti n'kuisirira. Koma iye akatulutsa mtembo ankakhala pansi n'kulemba: munthuyu anapezeka pati, silinda yake inali ndi mpweya kapena ayi, anali ndi chingwe kapena ayi, anatsika mamita angati.

Ataunjika nkhani zambiri anaona kuti imfa zimenezi zimangobwerezabwereza zifukwa zochepa zomwezomwezo. Mu 1979 anatulutsa kabuku kotchedwa Basic Cave Diving: A Blueprint for Survival. Mutu uliwonse umayamba ndi ngozi imene inachitikadi, kenako n'kufotokoza chimene chinalakwika. Mfundo zazikulu zimene anapeza zinali zitatu.

Yoyamba ndi chingwe. Uyenera kumanga chingwe kunja kwa phanga n'kumachitambasula pamene ukulowa, chisaduke paliponse. Matope akavunduka kapena tochi ikazima, chingwecho ndicho maso ako.

Yachiwiri ndi masamu a mpweya. Ugawe mpweya wako patatu: gawo limodzi lolowera, lina lotulukira, lachitatu losunga. Ngati geji ikuonetsa 210 poyamba, ikafika pa 140 bwerera, ngakhale kutsogolo kukongole bwanji. Nanga gawo lachitatulo n'landani? N'la mnzako. Mpweya wake ukatha muli mkatikati, nonse awiri mutulukira mpweya wako wosungawo.

Yachitatu ndi kuya. Ngati ukupuma mpweya wamba, usapitirire mamita 40.

Pambuyo pake anzake anawonjezerapo zina ziwiri: usalowe m'phanga usanaphunzitsidwe za m'mapanga, ndipo tenga matochi atatu. Exley analinso m'gulu la anthu oyamba kulimbikitsa kuti aliyense azikhala ndi chopumira chachiwiri choti apatse mnzake pa ngozi, chimene lero mumachiona pa zida za scuba kulikonse. Analinso wapampando woyamba wa nthambi ya osambira m'mapanga ya bungwe la National Speleological Society. Mfundo zake amaphunzitsabe mpaka lero.

KUYA KUMACHITA CHIYANI M'THUPI?

Kuti mumvetse zimene zinatsatira, tamvani kaye izi. Mamita 10 aliwonse amene watsika, madzi amawonjezera kukupanikiza ndi mphamvu yofanana ndi ya mpweya wonse umene umatipanikiza kumtunda kuno. Pa mamita 260 kupanikizako kumakhala kuwirikiza pafupifupi ka 27. Mapapo akamadzaza kamodzi kumeneko amatenga mpweya wochuluka ka 27, moti silinda imene ikanakutengera ola lathunthu kumtunda imatha m'mphindi ziwiri ndi pang'ono.

Si zokhazo. Mpweya umene timapumawu mbali yaikulu ndi nayitirojeni, ndipo ukapitirira mamita 30 nayitirojeniyo amayamba kukuledzeretsa ngati mowa. Okosijeni amene amatipatsa moyoyu akapanikizika kwambiri amasanduka poizoni, munthu n'kugwa khunyu m'madzi. Choncho otsika kwambiri amasakaniza mpweya wawo ndi helium. Koma helium nayenso ali ndi lake: ukatsika mofulumira kupitirira mamita 150, manja amayamba kunjenjemera, maso kuona zachilendo, thupi osamveranso.

Pobwerera ndiye pali vuto lina. Mpweya umakhala utalowerera m'magazi ndi m'minofu. Ukakwera msanga umachita thovu ngati Fanta amene wamukhutchumula n'kutsegula mwadzidzidzi, ndipo thovulo lingakupuwalitse kapena kukupha. Ndiye umakwera pang'onopang'ono, kuima apa mphindi zingapo, kuimanso apo, kwa maola ambiri.

N'CHIFUKWA CHIYANI ANAYAMBA KUPITA YEKHA?

Mwina mukufunsa kuti munthu amene anawerengera mnzake gawo lachitatu la mpweya anayamba bwanji kuyenda yekha. Yankho lili m'masamu omwewo. Kumene Exley ankafuna kufika kunali kutali komanso kozama moti anthu otha kumuperekeza anali owerengeka padziko lonse. Komanso pa mamita 260 palibe amene ali ndi mpweya wogawira mnzake. Mukayamba kulimbana ndi vuto la mmodzi, mphindi imodzi yokha imadya mpweya wa nonse, ndipo m'malo mwa maliro amodzi pamakhala awiri.

Mu 1983 Jochen Hasenmayer wa ku Germany anatsika mamita pafupifupi 200 pa kasupe wa Fontaine de Vaucluse ku France. Exley anayamba kuphunzira zosakaniza mpweya ndi helium, ndipo anapeza phanga lozama lotchedwa Nacimiento del Río Mante ku Mexico. Mu 1988 anapitirira rekodi ya Hasenmayer, ndipo mu 1989 anatsikanso kupitirira mamita 260. Kuti muone kukula kwake, ganizani mabwalo ampira awiri ndi theka mutawaimika chilili, limodzi pamwamba pa linzake, inu muli pansi pake mumdima. Kutsikako sikunakwane ola, koma kukwera kunamutengera maola opitirira 10.

Mu 1990 analowa yekha m'phanga la Cathedral pafupi ndi kwawo ku Live Oak mtunda wopitirira makilomita atatu kuchokera pakhomo, ina rekodi ya padziko lonse. Lolemba lake n'kupezeka ali m'kalasi pa Suwannee High School, choko m'manja, akuphunzitsa ana masamu.

Koma mawu akuti yekhawa musawamve molakwika. Ulendo umodzi wotere ankaukonzekera kwa milungu kapena miyezi. Masilinda ena ankawasiyiratu m'njira masiku am'mbuyo. Chida chilichonse chofunika ankatenga ziwiri kapena kuposerapo, kuti china chikafa china chigwire ntchito. Nthawi yoima pamalo aliwonse inali yowerengeredwa n'kulembedwa. Ndipo chapamwamba pankakhala anzake omudikirira, ena m'madzi momwemo, odziwa mphindi imene ayenera kuonekera. Ankakhala yekha pansi penipeni pokha, pamene panalibe wina akanafika. Zimenezi n'zosiyana kutalitali ndi mnyamata amene wazemba kunyumba masana n'kupita kudamu popanda wodziwa.

CHENJEZO LA KU SOUTH AFRICA

Mu 1993 Exley anafika kuno ku Africa. Ku Northern Cape, m'dziko la South Africa, kuli dzenje lotchedwa Boesmansgat. Pamwamba limaoneka ngati kadziwe kakang'ono, koma pansi ndi chiphanga chachikulu chozama koopsa. Exley anatsika mamita pafupifupi 263 n'kufika pansi. Ali kumeneko vuto la helium lija linamugwira kwambiri: thupi linanjenjemera ndipo maso anasokonezeka. Anatuluka wamoyo n'kufotokoza zonse poyera kuti ena aphunzirepo. Thupi linali litamuchenjeza kuti malire ali pafupi.

Dzenje lomweli linadzatenga ena pambuyo pake. Deon Dreyer, mnyamata wa zaka 20, anafera momwemo mu December 1994, ndipo Dave Shaw anafa mu January 2005 akuyesa kutulutsa mtembo wa Dreyer.

ZACATÓN, 6 APRIL 1994

Ku Tamaulipas, kumpoto chakum'mawa kwa Mexico, kuli dzenje lina la madzi lotchedwa Zacatón, lozama kupitirira mamita 300, ndipo pamwamba pake pamayandama tizilumba ta udzu. Exley ndi mnzake Jim Bowden anagwirizana zoti ayese kufika mamita 305, kumene kunalibe munthu anafikako ndi scuba. Anatsitsa zingwe ziwiri motalikirana pang'ono, aliyense chake, n'kumangirirapo masilinda oti adzapumire pobwerera. Anagwirizaniratu kuti aliyense adziyang'anira yekha. Anayamba kutsika nthawi imodzi, koma kuzamako madzi ndi akuda, samaonana. Panali patangopita masiku asanu Exley atakwanitsa zaka 45.

Bowden atafika cha pa mamita 282 anaona kuti mpweya ukutha msanga kuposa mmene anawerengera. Anasiya zotsika n'kuyamba kukwera, atatsala ndi mamita ochepa kuti akwanitse cholinga. Anthu amene anali pamwamba ankayang'anira thovu la mpweya lochokera kwa awiriwo. Poyamba linkatuluka mbali ziwiri. Kenako linatsala mbali imodzi.

Bowden anazindikira kuti mnzake sakubwera iye akadali m'madzi, ataona masilinda a Exley ali lende pa chingwe osakhudzidwa. Sakanatha kubwerera pansi, komanso sakanatha kuthamangira pamwamba, chifukwa thovu la m'magazi likanamupha. Anayenera kukhala pa chingwe chake maola ambiri, akudziwa zimene zachitika.

Patapita masiku atatu, anthu akukoka chingwe cha Exley kuti achotse masilinda, thupi lake linatuluka nacho, chingwecho chitakulungidwa m'manja ndi pa zida zake. Kompyuta ya pamkono inaonetsa kuti anapitirira mamita 260, ndipo mpweya umene ankapuma pansipo unali utatha. Akatswiri amene anafufuza anaona kuti mwina kunjenjemera kwa helium kuja kunamugwiranso, mpweya n'kumathera pomwepo, iye osatha kusintha silinda kapena kuyamba kukwera. Palibe amene anaona mphindi zake zomaliza. Munthu amene anathera zaka zambiri akulemba mmene ena anafera, imfa yake inalibe mboni. Buku lofotokoza maulendo ake, Caverns Measureless to Man, linatuluka iye atamwalira kale.

NDIYE IFE TITOLEPO CHIYANI?

Anzanga, apa tisanamizane. Exley sanali wosasamala. Pa nthawi yake panalibe womuposa pa luso, pa kukonzekera ndi pa kudekha zinthu zikavuta. Anali atapulumutsapo ena, analemba yekha malamulo, anali ndi maulendo opitirira 4,000. Koma tsiku limene manja ake analephera, panalibe manja ena. Ukakhala wekha m'madzi, wokupulumutsa ndi iwe wemwe, ndipo mavuto ambiri a m'madzi, kukomoka, khunyu, kusokonezeka mutu, amayamba ndi kugwetsa wokupulumutsayo. Zida ziwiriziwiri zimathandiza chida chikafa. Mutu ukasokonezeka palibe wachiwiri woti usinthire.

Onaninso kusiyana kwa anthu awiri aja pa tsiku limodzi, m'dzenje limodzi. Bowden anayang'ana geji, masamu osagwirizana, n'kubwerera cholinga asanachifike. Anakhala ndi moyo. Kubwerera si manyazi, ndipo ndi lamulo lomwe lija limene Exley anaphunzitsa dziko lonse.

Masiku ano scuba ya munthu mmodzi ili ndi maphunziro akeake. Bungwe la SDI linayambitsa kosi yotere mu 1999, ndipo la PADI lili ndi yake. Onse awiri salandira munthu amene sanakwanitse maulendo 100 olembedwa, ndipo amafuna kuti ukhale ndi silinda ina yapadera yokhala ndi chopumira chakechake. Ndiye ngati mungadzapeze mwayi wophunzira scuba pa nyanja yathuyi, monga ku Nkhata Bay kapena ku Cape Maclear, pitani mukaone mbuna ndi maso anu, n'zokongola zedi. Koma satifiketi yoyamba imakulolani mamita 18 okha, muli ndi mnzanu. Nyanja ya Malawi malo ena ndi yozama mamita pafupifupi 700, ndipo sidziwa kuti uyu ndi mwana wa kunyanja konkuno.

Ambiri a ife silinda sitidzaiberekapo, tikudziwa. Koma kumbukirani kuti Edward uja analibe silinda. Masewera opikisana kukhalitsa pansi pa madzi ndi oopsa kuposa mmene amaonekera, makamaka ukayamba wapuma mofulumira kambirimbiri usanalowe. Kupuma koteroko kumachedwetsa chizindikiro chimene thupi limakupatsa kuti tuluka ukapume, ndiye okosijeni amatha iwe usakumva chilichonse, n'kukomoka mwakachetechete. Sukuwa, sukupiza manja. Amene angakupulumutse ndi mnzako yekhayo amene maso ake ali pa iwe nthawi imeneyo.

Choncho dzuwa likayamba kuswa mtengo, madzi n'kumakuitanani, chitani izi. Musapite nokha. Uzani wina kunyumba kumene mukupita ndi nthawi yobwerera. Mukakhala pagulu, aliyense akhale ndi mnzake mmodzi womuyang'anira, chifukwa pa chigulu aliyense amaganiza kuti wina akuona. Mmodzi akalowa pansi, winayo akhale pamwamba akumuyang'ana mpaka atuluke. Mowa ndi madzi musaziphatikize. Ndipo mnzanu akati ine basi ndatopa, tulukani naye, osamuseka.

Rekodi za kuya za Exley anthu ena anaziswa kalekale. Kabuku kake ka 1979 kaja n'kamene kakugwirabe ntchito, ndipo mfundo yake mungaitenge ngakhale simudzalowa m'phanga: musanalowe m'madzi, dziwani njira yotulukira, dziwani poyenera kubwerera, ndipo sungirani mnzanu gawo lake. Gawirani nkhaniyi mng'ono wanu kapena mnzanu uja amene amadzitama kuti madzi sangamuchite kanthu. Tionane mwezi wamawa.